Holide ya ku Liwonde: sitima mpaka pa Balaka, kenako galimoto

Anthu akabwera kuti ndiwakonzere ulendo wa pa sitima, funso lawo limakhala la tikiti basi, ndi zingati, tikhala pati. Koma pa ntchito yathu yokonza maulendoyi tikiti sivuta ayi, povuta ndi pamene mwatsika sitima muli ndi zikwama ndi ana otopa ndiye mukufuna galimoto yokufikitsani komwe mukagone. Pamenepo ndi pofunika kukonza bwinobwino musananyamuke.

Tiyerekeze mukuchokera ku Blantyre mukufuna kukapuma ku Liwonde. Sitima ya anthu ya kampani ya njanji ya CEAR imanyamukira pa Limbe kudutsa Lirangwe, Utale, Nkaya mpaka Balaka, ndipo siyenda tsiku lililonse, choncho pitani nokha pa siteshoni mukafunse tsiku lake musanalipire malo ogona. Ikadziwika deti ya sitima ndiye zina zonse zitsatire.

Chomwe ambiri sadziwa nchakuti njanji yathu ndi ya mzere umodzi, sitima ziwiri sizingapatukirane paliponse koma pa siteshoni pomwe pali njanji yapambali. Ndiye pa Nkaya pamakumana njanji yochokera ku Moatize m'dziko la Mozambique, yomwe imanyamula malasha kupita ku doko la Nacala kudzera pa Liwonde ndi Nayuchi, sitima zake zazitali zedi, yanu ikhoza kuima kudikira kuti inzake idutse kaye. Si kuti yawonongeka, ndi mmene njanji imayendera. Nchifukwa chake dalaivala wokuchingamirani musamuuze ola lenileni, muuzeni kuti mumuimbira mukafika pa Nkaya, ndipo foni ikhale yotchaja, mayunitsi alimo.

Ine ndimaikonda sitimayi chifukwa cha kuchedwa komweko. Imakuonetsani kuseri kwa midzi komwe msewu wa M1 sufika, milambe, minda ya thonje cha ku Balaka uko, amayi akuthamangira pa windo ndi lichero la nthochi pamutu, mnyamata akukweza nzimbe m'mwamba kuti muilandire, chenji mukupatsirana sitima itayamba kale kusuntha. Tengani ndalama zing'onozing'ono, madzi akumwa okwanira ndi chitenje.

Bwanji kutsikira pa Balaka? Chifukwa kuchoka apo kukafika pa Liwonde ndi makilomita pafupifupi 30 pa tala, galimoto zilipo, ndipo simudaliranso sitima yolowera ku Nayuchi. Njira yabwino kwa banja ndi yoti mmodzi atsogole ndi galimoto yapanyumba atanyamula katundu wolemera, ena nonse mukwere sitima chimanjamanja. Ngati mukuchita hayala, gwirizanani mtengo wake kuphatikiza nthawi yodikira, zisadzavute pa siteshoni.

Tsopano galimoto yake. Liwonde National Park, yomwe bungwe losamalira mapaki la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015 ndipo linabwezeretsamo mikango mu 2018, misewu yake ndi yafumbi. M'chilimwe galimoto yokwera pang'ono imayenda bwinobwino, koma mvula ikagwa dothi la makande lija limaterera ndi kumata matayala moti ngakhale 4x4 imatitimira, misewu ina amaitseka kumene. Nyengo yadzinja ndi bwino kufunsa a loji za boti la pa Shire, mvuu, ng'ona ndi njovu mumazionera pafupi kuposa pa galimoto. Mafuta thirani fulu thanki pa Balaka kapena pa Liwonde, m'paki mulibe filing'i, tayala la sipeya muliyeze mpweya ndipo jeke ikhalemo.

Chinanso chomwe ndimalimbikira kwambiri, tsiku lotsika sitima musakonze zolowa m'paki. Geti limatsekedwa kukamada ndipo kuyendetsa usiku pa misewu ya njinga za kabaza ndi mbuzi si nkhani yabwino kwa munthu wotopa. Gonani pa Liwonde penipeni, m'neti chifukwa udzudzu wa m'mbali mwa Shire ngwambiri, m'mawa kwambiri nyama zisanathawire pa mthunzi ndiye mulowe.