Tikiti isanadzitsegule yokha, dziwani kaye mwini wake

M'makampani ambiri muno mu Harare, kaya ku Msasa, ku Graniteside kapena m'kati mwa tauni, vuto la kompyuta limafika kwa anthu a IT kudzera m'makomo osiyanasiyana. Wina amaimba foni, wina amalemba pa WhatsApp ku nambala ya mnyamata wa IT amene amamvana naye, wina amangomukodola akamuona akudutsa. Dzuwa likamalowa palibe amene angakuuzeni kuti madandaulo anali angati, athetsedwa ndi ati, aiwalika ndi ati. Help desk idabwera kudzakonza zimenezi. Dandaulo lililonse limalembedwa pamalo amodzi n'kupatsidwa nambala, ndipo limatchedwa tikiti. Tikitiyo imasunga dzina la wodandaula, nthawi imene wadandaula, amene akuthandiza, ndi zonse zomwe zakambidwa mpaka vutolo litatha.

Masiku ano tikiti sichita kulembedwa ndi munthu. Mapulogalamu ngati Zendesk, Freshdesk ndi Jira Service Management, komanso aulere ngati osTicket ndi GLPI amene kampani ingathe kuika pa seva (kompyuta yaikulu yotumikira makompyuta ena) yakeyake, amatha kutsegula tikiti okha. Njira yodziwika kwambiri ndi imelo. Kampani imakhala ndi adiresi imodzi yolandirira madandaulo, pulogalamu imasuzumira m'bokosilo pafupipafupi, ndipo imelo yatsopano ikagwa imasanduka tikiti. Wodandaula amalandira yankho lokhala ndi nambala pamutu pake. Nambalayo musamaifufute mukamayankha, chifukwa ndi imodzi mwa zinthu zimene pulogalamu imazindikirira kuti iyi ndi nkhani yakale, isatsegule ina. Khomo lachiwiri ndi fomu ya pa intaneti, lomwe ine ndimalikonda kuposa onse chifukwa limakakamiza munthu kunena nthambi imene ali ndi mtundu wa vuto lake. Lachitatu ndi makina olondera ngati Zabbix kapena Nagios, amene amatsegula tikiti akaona seva yasiya kuyankha kapena disiki yatsala pang'ono kudzaza, munthu aliyense asanazindikire. WhatsApp nayo ingalumikizidwe kudzera pa WhatsApp Business API, koma ili ndi lamulo lake: pakadutsa maola 24 chilembereni kasitomala, kampani singamulembere momasuka koma ndi uthenga wokonzedweratu umene udavomerezedwa kale.

Tikiti ikatseguka, malamulo amene mudalemba ndiwo amaiyendetsa. Alipo a mitundu iwiri. Ena amagwira ntchito nthawi yomweyo chinthu chikachitika: tikiti yochokera ku nthambi ya ku Mbare ipite kwa gulu lakuti, tikiti ya malipiro ipite ku akaunti. Ena amayendera koloko: tikiti ikakhala maola anayi osakhudzidwa, mkulu wa gulu adziwitsidwe. Mu Zendesk malamulo oyendera koloko amaunikidwa kamodzi pa ola, choncho musayembekezere kuti angagwire nkhani ya mphindi zisanu.

Apa ndi pomwe ndimafuna oyang'anira makampani amvetsetse. Pulogalamu siidziwa mwini wa vuto ngati inuyo simukumudziwa. Ndaona maofesi akugula pulogalamu yodula, n'kuilumikiza ndi imelo, kenako matikiti akumangounjikana m'bokosi lolembedwa kuti IT momwe aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Pa chigayo thumba lililonse pamzere limakhala ndi mwini wake waima chapafupi. Thumba lopanda mwini limangokankhidwira m'mbali mpaka madzulo. Tikiti nayonso chimodzimodzi. Musanalembe lamulo ngakhale limodzi mu kompyuta, khalani pansi ndi pepala. Purinta ikafa akonza ndani? Iyeyo akakhala patchuthi kapena ku maliro, imagwa m'manja mwa yani? Wantchito watsopano akalembedwa, ndani avomereza kuti apatsidwe laputopu ndi pasiwedi, ndipo akachoka ntchito ndani anena kuti akaunti yake itsekedwe? Mafunso amenewa akayankhidwa, kuwasandutsa malamulo ndi ntchito ya masana amodzi.

Nkhani yosankha choyamba kuthandizidwa nayonso imafuna mutu wa munthu. Malangizo a kayendetsedwe ka ntchito za IT otchedwa ITIL, amene adayambira ku boma la Britain m'zaka za m'ma 1980, amati muyang'ane zinthu ziwiri: vutolo lakhudza anthu angati, ndipo lingadikire nthawi yaitali bwanji. Makina olipirira akafa m'sitolo tsiku la malipiro, mzere utafika panja, imeneyo ndi nkhani yoyamba. Mausi ya bwana ikavuta, idikire, ngakhale ndi ya bwana. Mukalola wodandaula kudzisankhira yekha, aliyense amasankha kuti zake n'zachangu. Ndi bwino fomu ifunse kuti "Ndi anthu angati amene alephera kugwira ntchito?" kenako pulogalamu iwerengere yokha kuchokera pa yankholo.

Pali misampha ina imene ndi yathu ya kuno. Woyamba ndi magetsi. Ambiri mukukumbukira kumapeto kwa 2022, madzi atachepa ku Kariba, momwe magetsi ankathimira maola ambiri patsiku. Magetsi akathima panthambi, jenereta isanadzuke, rauta (kachipangizo kolumikiza nthambi ku netiweki), makamera, mapurinta ndi makompyuta onse amasowa nthawi imodzi. Makina olondera akakhala kuti sadaphunzitsidwe, amatsegula tikiti pa chipangizo chilichonse, ndipo magetsi akabwera n'kuthimanso amatsegulanso ena. M'mawa wa IT amapeza bokosi lodzaza ndi matikiti a vuto limodzi, pomwe dandaulo lenileni la munthu lakwiririka pansi. Mankhwala ake alipo. Muwauze makinawo kuti zipangizo zonse za panthambipo zimadalira rauta, ndiye rauta ikafa atsegule tikiti imodzi basi. Muwauzenso adikire mphindi zingapo asanalire, kuti jenereta kapena inveta ipeze mpata wonyamula katundu.

Msampha wachiwiri ndi chilankhulo. Malamulo ambiri amafufuza mawu mu uthenga kuti adziwe kopita tikiti, ndipo amene amawalemba amaganiza m'Chingerezi. Koma anthu athu a ku Highfield, Mufakose ndi Mabvuku salemba choncho. Mayi wa ku akaunti alemba kuti "makina akana kutsegula", mnzake alemba m'Chishona, wachitatu asakaniza zilankhulo zonse zitatu m'chiganizo chimodzi, wina atumiza mawu ojambula pa foni. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo a dziko lino a 2013 amazivomereza, ndipo palibe chifukwa choti wolemba m'Chichewa azidikira kuposa anzake. Tengani madandaulo akale, muone mawu amene anthu amagwiritsadi ntchito, muwaike m'malamulo. Ndipo pakhale bokosi la matikiti amene sadagwidwe ndi lamulo lililonse, lokhala ndi munthu wodziwika dzina amene amaliyang'ana m'mawa ndi masana.

Palinso mkangano wa makina okhaokha. Help desk imayankha kuti talandira dandaulo lanu, imelo ya munthu amene ali patchuthi imayankha kuti kulibe, help desk imatsegula tikiti ina n'kuyankhanso, mpaka kalekale. Maimelo odziyankha okha kawirikawiri amakhala ndi chizindikiro chobisika chotchedwa Auto-Submitted, ndipo pulogalamu iyenera kuuzidwa kuti isamayankhe oterowo.

Samalaninso ndi amene akulandira makope. M'matikiti anthu amaikamo zithunzi za zitupa, manambala a EcoCash, ngakhale mapepala a malipiro. Lamulo lotumiza tikiti iliyonse kwa gulu lonse limamwaza zinsinsizi kwa anthu osafunika kuziona. Lamulo la dziko lotchedwa Cyber and Data Protection Act la 2021, limene POTRAZ (bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi makalata) imayang'anira, limaika udindo wosunga zoterezi pa kampani.

Pa kutseka tikiti ndi pomwe ndimaumirira kwambiri. Wa IT akanena kuti wakonza, wodandaula apatsidwe masiku oti atsimikize, ndipo akayankha kuti vuto likadalipo tikiti yomweyo itsegukenso ndi mbiri yake yonse. Zendesk imabwera ndi lamulo lotseka tikiti pakatha masiku 4 chinenereni kuti vuto latha, ndipo ikatsekedwa siitsegukanso, pamayambika ina. Kwa wantchito wa kunthambi amene watha masiku opanda netiweki, kapena amene wapita kumudzi kukaika maliro, masiku 4 ndi ochepa. Onjezerani masikuwo, ndipo uthenga wochenjeza kuti tikiti yatsala pang'ono kutsekedwa uzipita pa njira imene munthuyo adadandaulira, kaya ndi imelo kapena WhatsApp, m'chilankhulo chimene iye adalembera.