Sola padenga, koma magetsi akathima nanunso mdima: chifukwa chake

Dzuwa likuswa mtengo, mapanelo ali mbwee padenga, koma magetsi a ESCOM atangothima firiji nayo yati zii. Ambiri amaganiza kuti inveta, makina osintha magetsi a mapanelo kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba, yafa. Ayi, inapangidwa dala kuti izitero.

Inveta yolumikizidwa ku mawaya a ESCOM imangotsatira kayendedwe ka magetsi amene yawapeza, a mavoti 230 pa 50 Hz (Hz ndi muyeso wa liwiro limene magetsi amasinthirasinthira mbali). Akasowa, imadzizimitsa pasanathe masekondi awiri. Ikanapitiriza, mphamvu yake ikanabwerera ku thiransifoma n'kukapha munthu amene wakwera pholo akuganiza kuti wayayo ndi wozima. Musalole aliyense kuchotsa chitetezo chimenechi.

Kuti chipatala, sukulu kapena msika uziyakabe paokha, pamafunika swichi yodula mawaya a ESCOM kaye, mabatire, ndi inveta ya mabatire yotha kudzipangira yokha 50 Hz kuti zina zonse zitsatire. Kumidzi ngati Mthembanji ku Dedza, komwe magetsi a sola amagawidwa m'nyumba popanda ESCOM, inveta yotereyi ndiyo imatsogolera usana ndi usiku.

Mavuto enieni amayamba mukadziimira panokha. Mota ya pampu kapena ya chigayo ikamadzuka imakoka mphamvu kasanu kapena kasanu ndi kawiri kuposa ikamayenda. ESCOM imapirira zimenezi, koma inveta yaing'ono imangogwa, nyumba zonse mdima. Choncho ikani ma mota pa mzere wawowawo, adzuke mmodzimmodzi, kapena muwaikire soft starter, kachipangizo kodzutsa mota pang'onopang'ono.

Vuto lina limabwera masana: mabatire adzaza, anthu sakugwiritsa ntchito magetsi ambiri, koma mapanelo akungopopa. Mphamvu yotsalayo ilibe kolowera. Inveta yabwino ya mabatire imakweza pang'ono 50 Hz ija kufika cha m'ma 51 kapena 52, ndipo ma inveta a mapanelo akaona zimenezo amachepetsa okha. Ngati woika sanatchere bwino zimenezi, makina amazima dzuwa lili pamutu.

ESCOM ikabwerera musathamangire kulumikiza. Inveta imadikira kaye kuona ngati magetsiwo akhazikika, kenaka imafananitsa mavoti ndi kayendedwe kake ndi ka ESCOM isanatseke swichi. Kulumikiza ndi manja mbali ziwirizi zisanagwirizane kungathe kuwotcha inveta nthawi yomweyo.