Butlerov ndi mkangano wa amene anayamba

Mu Seputembala 1861, ku Speyer m'dziko la Germany kunali msonkhano wa akatswiri a sayansi ndi madokotala. Mmodzi mwa olankhula anali mphunzitsi wa zaka 33 wochokera ku yunivesite ya Kazan, m'mphepete mwa mtsinje wa Volga ku Russia. Dzina lake Aleksandr Butlerov. Iye anati khalidwe la chinthu silichokera pa chiwerengero cha maatomu ake chokha ayi, limachokeranso pa momwe maatomuwo agwiranirana, ili lagwira liti. Kagwiranidwe kameneka anakatcha chemical structure, mawu omwe ophunzira kemisitiri akugwiritsabe ntchito mpaka lero.

Tengani maatomu 4 a kaboni ndi 10 a haidrojeni. Mukandandalika akaboniwo mumzere umodzi mupeza gasi wa butane. Mukaika limodzi pakati, atatu n'kuligwira m'mbali, mupeza isobutane, gasi wina ndithu, yemwe amawira pa madigiri pafupifupi 12 pansi pa ziro pamene mnzakeyo amawira chapafupi ndi ziro. Njerwa n'zomwezo, nyumba n'zosiyana. Butlerov ananeneratu kuti zinthu zotere ziyenera kukhalapo, kenaka analowa mu labotale n'kuzipanga: mankhwala otchedwa tertiary butyl alcohol, kenaka isobutane yemweyo mu 1866.

Nanga mkangano ukuchokera pati? Mu 1858, Mjeremani August Kekulé anali atalemba kale kuti kaboni ali ndi manja anayi ndipo amatha kugwirana ndi kaboni mnzake n'kupanga unyolo. Chaka chomwecho ku Paris, mnyamata wa ku Scotland, Archibald Scott Couper, anafika pa mfundo yomweyo payekha. Butlerov ankawadziwa onse awiri. Paulendo wake wa mu 1857 ndi 1858 anacheza ndi Kekulé ku Heidelberg, ndipo anagwirako ntchito mu labotale ya katswiri wa ku France Adolphe Wurtz ku Paris, momwemo momwe munali Couper. Tsono kunena kuti anayamba yekha, popanda womuunikira, n'kunama.

Koma kumuchepetsa kuti anangobweretsa dzina, nakonso n'kumulakwira. Kekulé ankakayikakayika ngati zojambula zapapepala zikusonyezadi momwe maatomu akhalira, ndipo ankalola kuti chinthu chimodzi chilembedwe m'njira zingapo. Butlerov anakana: chinthu chimodzi, kagwiranidwe kamodzi, ndipo kangathe kudziwika poyesa. Buku lake la mu 1864 mpaka 1866 analimanga lonse pa mfundo imeneyi, ndipo linatuluka m'Chijeremani mu 1868. Ophunzira ake a ku Kazan, Vladimir Markovnikov ndi Aleksandr Zaitsev, anasiya malamulo omwe amatchedwa mayina awo. Kwa ine, apa ndi pamene pagona ulemu wake weniweni.

Anamwalira mu 1886 kumudzi kwake ku Butlerovka, komwe ankaweta njuchi. Patangopita zaka zinayi, Ajeremani anakonzera Kekulé chikondwerero chachikulu ku Berlin, ndipo mabuku a kumadzulo anatsata mphepo yomweyo.

Boma la Soviet Union linadzabweza moyenjeza. M'zaka zomaliza za ulamuliro wa Stalin, mtsogoleri wa dzikolo, Butlerov anamukweza kukhala mwini yekhayo wa chiphunzitsochi. Mu 1951 ku Moscow kunachitika msonkhano wodzudzula maganizo a Linus Pauling wa ku America otchedwa resonance, onena kuti kagwiranidwe ka zinthu zina sikangasonyezedwe ndi chojambula chimodzi chokha, ati ndi achilendo ndipo akupotoza chiphunzitso cha Butlerov. Mwiniwake anali atagona m'manda zaka 65, sakanatha kuyankhapo.

Couper yekha ndiye analibe boma lomulankhulira. Pepala lake analipereka kwa Wurtz, yemwe anachedwa kulipititsa ku bungwe la asayansi la ku France, mpaka la Kekulé linatuluka poyamba. Couper anakangana ndi Wurtz, anachotsedwa mu labotale, ndipo posakhalitsa anadwala misala. Anabwerera kwawo ku Kirkintilloch, komwe anakhala zaka zoposa 30 osalembanso za sayansi, mpaka imfa yake mu 1892.