Nambala imeneyi mwaipeza bwanji? Mbiri ya mkangano wa mavoti m'Malawi

Aliyense amene anakhalapo monita wa chipani amaudziwa usiku wa tsiku lovota. Mabokosi amatsegulidwa m'kalasi momwemo anthu onse akuona, woyang'anira malowo n'kumakweza pepala lililonse m'mwamba kuti pochongedwapo paoneke. Akatha kuwerenga amalemba nambala pa fomu, mamonita n'kusayina. Pamenepo mkangano suchuluka. Umabuka pa ulendo wa pepalalo, likachoka pasukulu kupita ku likulu la dera, kenako kumene amalengezera wopambana. Kuyambira 1993 takhala tikufunsa bungwe loyendetsa zisankho funso limodzimodzi, ndipo panapita zaka zambiri tisanapeze wolikakamiza kuyankha: nambala mwatiwerengerayi mwaipeza bwanji?

Kukayikira kunayamba chisankho choyamba chisanachitike n'komwe. Pokonzekera riferendamu ya pa 14 June 1993, boma la Kamuzu Banda linkafuna mabokosi awiri, lina la tambala wakuda, la ofuna chipani chimodzi, lina la nyali, la ofuna matipate. Ofuna matipate anakana, chifukwa munthu akanadziwika mbali yake pongoona bokosi limene walowera, komanso bokosi la nyali likanatha kusowa lonse. Mapeto ake anagwirizana za bokosi limodzi, ndipo pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Chaka chotsatira, pa 17 May 1994, bungwe lotsogozedwa ndi a Justice Anastasia Msosa linayendetsa chisankho chimene a Bakili Muluzi anapambana ndi mavoti 47 pa 100 alionse. Kamuzu anavomera kugonja, anthu anakhulupirira nambala, moti ambiri tinaganiza kuti zizikhala choncho mpaka kale.

Sizinatero. Mu 1999 a Gwanda Chakuamba, atagonja kwa a Muluzi, anapita kukhoti, akunena kuti malamulo oyendetsera dziko, pa gawo 80, amafuna kuti mtsogoleri asankhidwe ndi oposa theka la anthu onse olembetsa m'kaundula. Khoti lalikulu la apilo linakana, n'kugamula kuti wotsogola pa mavoti ndiye wapambana, kaya watsogola ndi angati. Chigamulo chimenechi chinakhala nafe zaka makumi awiri, ndipo ndicho chinalola kuti munthu alowe ku nyumba ya boma anthu ambiri atamukana.

Chaka cha 2004 anthu sachikumbukira kwambiri, koma kwa ine ndi pamene zinaonekera poyera kuti nkhani ya chisankho ndi nkhani ya kalembera wa anthu n'zolukanalukana. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linatulutsa kaundula wa maina pafupifupi 6.7 miliyoni. Kalembera wa 1998, wa ofesi ya boma yoona za chiwerengero ya NSO ku Zomba, anali atapeza Amalawi 9.9 miliyoni, ndipo m'dziko lathu lino pafupifupi theka la anthu amakhala ana osakwana zaka 18. Masamuwo sankafuna katswiri. Ovota 6.7 miliyoni akanachokera kuti? Atadzudzulidwa, a MEC anapeta kaundulayo mpaka anatsala maina 5.7 miliyoni, kutatsala masiku owerengeka, ndipo chisankho chinasunthidwa kuchoka pa 18 kufika pa 20 May. Maina miliyoni imodzi anachoka choncho. Mwina ambiri anali akufa ndi olembedwa kawiri, koma wovota wamba analibe njira yodziwira ngati lake silinapite nawo. Chimene chinagwira bungwelo pamkono sichinali chipani kapena mfuti, inali nambala ya nthambi ina ya boma lomwelo. A Bingu wa Mutharika anapambana ndi mavoti 36 pa 100.

Chisankho cha makhansala ndiye chinangoiwalika. Chitachitika mu 2000, makhonsolo anakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014.

Kenako kunabwera chisankho chapatatu cha pa 20 May 2014. M'malo ena zipangizo zinafika mochedwa, makina otumizira zotsatira anakanika, ndipo kunapezeka malo ovotera amene mavoti ake anaposa anthu olembetsa. A Joyce Banda, ali mtsogoleri wa dziko, analengeza kuti athetsa chisankhocho, koma khoti linawaletsa. Bungwe la MEC lenilenilo linafuna kuwerenganso mavoti, khoti n'kunena kuti lamulo la masiku asanu ndi atatu olengezera zotsatira silingatalikitsidwe. Usiku wa pa 30 May, a Justice Maxon Mbendera analengeza kuti a Peter Mutharika apambana ndi 36.4 pa 100, ndipo anagwetsa misozi dziko lonse likumva. Ine misozi imeneyo sindinaiiwale. Wapampando wa bungwe ankalengeza nambala imene bungwe lake lomwe linkafuna kuionanso kaye.

Patangopita milungu ingapo, nyumba yosungiramo katundu wa MEC ku Lilongwe inapsa. M'menemo munali mavoti a dera la Lilongwe City South East, amene khoti linali litalamula kuti awerengedwenso a Ulemu Msungama a MCP atadandaula. Umboni unasanduka phulusa. Anthu a deralo anadikira mpaka October 2017 kuti avotenso, ndipo a Msungama anapambana. Pafupifupi zaka zitatu, mpando wa phungu uli ndi munthu amene kupambana kwake kunalibenso pepala lokuikira kumbuyo.

Ndiye 2019 sinagwe ngati mphezi ya m'chilimwe. Inapeza anthu atatopa kale.

Pokonzekera, zinthu zinkaoneka zolongosoka kuposa kale lonse. Mu 2017 bungwe la NRB linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire chiphaso cha unzika, kalembera wa 2018 anapeza Amalawi 17,563,749, ndipo kaundula wa ovota anali ndi maina 6,859,570. Za kaundula wotupa sizinamvekenso kwambiri. Vuto linasamukira pa fomu ya zotsatira. Anthu atavota pa 21 May, zithunzi zinayamba kuyenda pa WhatsApp ndi pa Facebook: mafomu ofufutidwa ndi Tipp-Ex, nambala ina italembedwa pamwamba pa inzake. Wapampando, a Justice Jane Ansah, anavomera kuti alandira madando 147, ndipo mawu oti madando analowa m'kamwa mwa aliyense. Pa 27 May analengeza kuti a Mutharika apeza mavoti 1,940,709, a Lazarus Chakwera 1,781,740, a Saulos Chilima 1,018,369. Kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri kunali mavoti 158,969. Malo ovotera analipo oposa 5,000, kutanthauza kuti mavoti 32 okha pamalo alionse anali okwanira kutembenuza zonse. Pa mpata wochepa chonchi, kadontho kalikonse ka Tipp-Ex kanali nkhani yaikulu.

Mademo a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC anagwedeza mizinda kwa miyezi yambiri, katundu anawonongeka, anthu anafa, ndipo amayi ndi atsikana a ku Nsundwe ndi madera oyandikana nawo anachitidwa nkhanza zimene khoti linadzalamula kuti alipidwe. Koma chimene chinasintha mbiri chinachitikira m'chipinda cha khoti ku Lilongwe. Kuyambira pa 8 August 2019, majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Michael Tembo, anamva mlandu wa a Chilima ndi a Chakwera. Mlanduwo unkaulutsidwa pa wailesi, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. M'minibasi, m'misika, pa mabenchi a telala, anthu ankatsatira maloya akupanikiza mboni fomu ndi fomu. Sindikudziwa sukulu ina imene inaphunzitsa Amalawi ochuluka chotero za mmene voti imayendera. Akuluakulu a MEC analumbira, n'kumayankha mafunso amene kale ankangowadutsa pamsonkhano wa atolankhani.

Yankho lawo linali loti Tipp-Ex ankakonzera zolakwika za masamu, osati kubera aliyense, komanso kuti odandaulawo sanasonyeze kuti mavoti awo anachepetsedwa ndi angati. Pa 3 February 2020 majaji aja, amene ankaperekezedwa ndi asilikali, anawerenga chigamulo cha masamba pafupifupi 500 kuyambira m'mawa mpaka usiku. Anapeza kuti kufufuta kunali ponseponse, kuti panagwiritsidwa ntchito mafomu osayenera ndi ena osasayinidwa, ndiponso kuti bungwelo linalengeza wopambana lisanathane ndi madando motsata lamulo. Sananene kuti wapambana ndi wakuti. Ananena kuti nambala ya MEC singadaliridwe, ndipo analamula chisankho china pasanathe masiku 150.

Anthu ambiri amakumbukira chigamulochi chifukwa cha 50+1, mfundo yoti mtsogoleri azipambana ndi mavoti oposa theka, poti chinagwetsa tanthauzo lija la pa mlandu wa a Chakuamba. Ine ndimaona kuti mtima wake uli pena. Khoti linati wodandaula akangosonyeza umboni wooneka kuti lamulo linaphwanyidwa, mtolo umasamukira kwa MEC kuti itsimikize kuti zonse zinayenda bwino. Taganizani kulemera kwa mfundo imeneyi. Mafomu enieni amasunga ndi MEC, mabuku a malo ovotera ali ndi MEC, makompyuta ndi a MEC. Kuuza wodandaula kuti abweretse umboni wonse kuli ngati kuuza mwini mbuzi kuti asonyeze fupa, khola ndi makiyi zili m'manja mwa amene akumukayikira. Kwa zaka zonse zija osunga nambala ankatha kungokhala chete, wodandaula n'kugonja. Kuyambira tsiku limenelo kukhala chete kunasiya kuwateteza.

Khoti la apilo linagwirizana ndi chigamulochi pa 8 May 2020. Komiti ya Nyumba ya Malamulo inali itapeza kale kuti makomishonala analephera ntchito, koma a Mutharika anakana kuwachotsa. A Ansah anatula pansi udindo pa 21 May, akunenetsa kuti sanalakwe. A Justice Chifundo Kachale analowa kutatsala milungu iwiri yokha, ndipo pa 23 June a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100. Mu Africa muno, Kenya yokha ndi imene inali itathetsapo chisankho cha mtsogoleri kudzera kukhoti, mu 2017, koma kupambana kwa otsutsa pa chisankho chachibwereza chotere kunayambira kuno.

Pa 16 September 2025 tinavotanso. Bungwe lotsogozedwa ndi a Justice Annabel Mtalimanja linatenga masiku onse asanu ndi atatu likuunika mafomu, ngakhale anthu ankalikalipira kuti likuchedwa. Kuchedwa kumeneko ndi chipatso cha 2020. A Mutharika anabwerera ndi 56.8 pa 100, a Chakwera anavomera kugonja, ndipo a Ansah anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Ovota anasankha, ndipo ufulu umenewo ndi wawo.

Koma pali nambala ina imene sinafike pamaso pa majaji asanu ngati mmene mafomu aja anafikira. A NSO anayerekeza kuti pofika 2025 Amalawi oyenera kuvota adzakhala pafupifupi 10.9 miliyoni. Olembetsa anali 7.2 miliyoni. Mu 2004 kaundula anatupa kuposa anthu, mu 2025 anachepa ndi anthu pafupifupi 3.7 miliyoni, gulu loposa mavoti onse amene wopambana anapeza. Ena sanafune kulembetsa, n'zoona, poti njala ndi kukwera mitengo kwa zinthu zimatha kuchotsa chidwi. Ena analibe chiphaso cha unzika chimene lamulo latsopano limafuna, mpaka khoti linachita kulamula mu 2024 kuti NRB iwathandize. Angati anakana okha, angati anatsekeredwa kunja? MEC imalemba wobwera ndi chiphaso, NRB imapereka chiphasocho, NSO imawerenga anthu, ndipo aliyense akhoza kuloza mnzake.

Nambala za NSO zomwezi zimalowanso pogawa madera. Malire a madera a aphungu anakhala osakhudzidwa kuyambira 1998 kwa zaka zoposa makumi awiri, anthu akuchulukana m'matauni, mpaka pamene madera anawonjezedwa kuchoka pa 193 kufika pa 229. Nthawi yonseyo voti ya munthu wa m'dera lodzadza inkapepuka poyerekeza ndi ya mnzake wa m'dera la anthu ochepa, popanda wofufuta fomu iliyonse. Kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2028, kutatsala zaka ziwiri kuti tivotenso mu 2030, ndipo pa kalembera sipakhala monita wa chipani wosayina.