Madzi ofiira a mu kanema uja si umboni wa poizoni

Pa WhatsApp pamazungulira kanema wina: munthu aviika tizitsulo tolumikiza ku magetsi m'kapu ya madzi a pampopi, madziwo n'kufiira ngati matope, iye n'kumati ndi mankhwala ophera tizilombo. Si zoona. Kufiirako ndi dzimbiri la tizitsulo tomweto, timene magetsi amatidya chifukwa m'madzi muli mchere wachilengedwe. Kamita ka TDS, kosonyeza kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi, nako kamangoyeza mcherewo.

Mankhwala ngati DDT akakhalamo, amakhala ochepetsetsa, osaoneka ndi maso. Malire a DDT m'madzi akumwa amene linaika bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi maikrogalamu 1 (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa lita imodzi. Pofuna kuwapeza, akatswiri amatunga madzi m'botolo lagalasi, kuwasunga pozizira, kupatula mankhwalawo, kenako kuwalowetsa m'makina a GC-MS, amene amawalekanitsa n'kuwazindikira potengera kulemera kwa tizidutswa tawo. Chimene chimandiwawa n'chakuti bodzali limathamangitsira mabanja ku zitsime zosatetezeka.