Mawu oti "sitinadziwe" ndatopa nawo

Semesita ikangoyamba ndimafunsa kalasi langa kuti ndani wawerenga course outline mpaka tsamba lomaliza. Amakweza manja anthu atatu kapena anayi, ena onse maso ali pa foni. Pakatha miyezi iwiri omwewo amadzaza pakhomo pa ofesi yanga, aliyense ndi nyimbo imodzi: "Pepani aphunzitsi, sitinadziwe." Chimene akuti sanadziwecho, malamulo a kaperekedwe ka asayimenti, chili pa tsamba lachitatu la pepala lomwe ndinawapatsa tsiku loyamba.

Koma ndisadziyeretse. Tsamba lachitatulo ndimalilemba motalika chonchi chifukwa cha mtsikana wina wa chaka chachiwiri amene ndinamulakwira. Chaka chimenecho ndinangolemba kuti asayimenti iperekedwe Lachisanu la sabata lachisanu ndi chiwiri. Nthawi sindinatchule, malo sindinatchule. Ine ndinaweruka 4 koloko. Iye anachedwa pamzere wosindikizitsa mapepala, anafika chakumadzulo, napeza pakhomo pali potseka, ndiye analowetsa ntchito yake pansi pa chitseko. Lolemba sindinapeze kanthu. Anandiuza kuti anapereka, ine ndinaganiza kuti ndi bodza lomwe lija la masiku onse, ndinamulembera 0. Malikisi ake a m'kati mwa semesita anatsika mpaka anakalemba sapu, mayeso obwereza a amene alephera, tchuthi chake n'kuthera pa sukulu. Pepala lija ndinadzalipeza kutha kwa chaka, pamene tinkasuntha kabati, litatsetserekera kunsi, lili fumbi lokhalokha, dzina lake lili pamwamba. Ananena zoona, ndipo malinga ndi zimene ndinalemba ine mwini, sanachedwe. Mpaka lero zimandiwawa.

Kuchokera pamenepo ndimalemba tsiku, deti, ola ndi njira imodzi yokha yoperekera. Aphunzitsi anzanga amene mumangolemba kuti "sabata 7", mlandu mukuuputa nokha.

Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ambiri tinasamukira pa Moodle ndi Google Classroom, masamba a pa intaneti ophunzitsira ndi kulandirira ntchito, ndipo zinatithandiza chifukwa makina amalemba okha mphindi imene ntchito yalowa. Komabe alipo ophunzira amene amanditumizira zithunzi za mapepala pa WhatsApp 11 koloko usiku, kapena kupatsira class rep ngati akutumiza ndiwo kumudzi. Zimenezo kwa ine simunapereke. Ndikati PDF ndikutanthauza PDF, chifukwa fayilo ya Word imasokonekera ikatsegulidwa pa kompyuta ina, matebulo n'kubalalika. Dzina la fayilo likhale nambala yanu ya kusukulu. Mafayilo makumi atatu onse otchedwa "Document1" ndiwasiyanitsa bwanji?

Lamulo la kuchedwa m'kalasi langa ndi lakuti tsiku lililonse limadya malikisi 5, ndipo pakadutsa masiku asanu sindilandiranso. Magetsi amazima, bandulo imatha, netiweki imavuta, zonsezo ndikuzidziwa chifukwa nanenso ndimakhala m'dziko lomweli. N'chifukwa chake funso ndimalipereka kudakali milungu itatu. Amene amayamba kukweza fayilo kutatsala mphindi khumi, pamene kalasi lonse lapanikizana pa intaneti, asamanamizire magetsi.

Maliro ndi matenda ndi nkhani ina, ndipo palibe mphunzitsi wanzeru amene angakane kukuwonjezerani masiku. Vuto ndi kukhala chete. Munthu amagonekedwa m'chipatala, osauza aliyense, n'kudzatulukira malikisi atapita kale ku dipatimenti. Pofika apo manja anga amakhala atamangika, nkhani imafuna makalata ndi misonkhano. Tumizani uthenga tsiku lisanafike, ngakhale kudzera mwa m'bale wanu, ndipo pobwera mutenge buku lanu la kuchipatala.

Kuchedwaku ndi kumenenso kumakankhira ana m'manja mwa akathyali aja olengeza m'magulu a WhatsApp kuti amalemba asayimenti, mungotumiza ndalama pa foni. Makolo, mwana akakupemphani ndalama ya "asayimenti" yoposa ya kusindikiza, mufunseni bwino. Anthu amenewa ntchito imodzi amaigulitsa kwa ophunzira atatu, amangosintha mutu ndi dzina. Pulogalamu yogwira okopera ya Turnitin imafanizira ntchito yanu ndi zolembedwa pa intaneti komanso ntchito zimene ena anapereka kale, ndiye onse atatu mumagwidwa tsiku limodzi, wokulemberaniyo foni atazimitsa. Chiyambire ChatGPT, pulogalamu imene imakulembera chimene waifunsa, kumapeto kwa 2022, ena amangokopera zimene yawalembera, pamodzi ndi mabuku oti sanalembedwepo n'komwe. Ine ndikakayikira sindikangana ndi munthu. Ndimamuitana, kumupatsa mpando, kutsegula ntchito yake pa ndime yachiwiri, n'kumupempha kuti andifotokozere m'Chichewa zimene analembazo.