Mwana wolirira foni ndi khoswe wa Skinner

Mawu a Chingerezi akuti reinforcement mungawamve kwa anthu a ntchito zosiyana, aliyense akunena zake. Kwa mmisiri wa zomangamanga, ndi zitsulo zomwe amayala m'kati mwa konkire, poti konkire imapirira kupanikizidwa koma ikakokedwa kapena kupindika imang'aluka msanga. Mlimi wa maluwa wa ku France, Joseph Monier, adalembetsa nzeru imeneyi mu 1867 ataika waya m'miphika ya simenti yodzalamo maluwa. Kwa msilikali, ndi anzake omwe amawaitanitsa zinthu zikathina kunkhondo. Konseko nkhani ndi yolimbitsa chinthu chomwe chilipo kale.

Ife ophunzira za maganizo a munthu, chomwe timati chalimbitsidwa ndi khalidwe. Mu 1898, Edward Thorndike ku America ankatsekera amphaka m'mabokosi momwe ankatuluka akaponda kapena kukoka kena kake. Poyamba mphaka ankangokanda paliponse mpaka atsegule mwangozi, koma akabwezeredwamo kangapo ankapita molunjika pa chotsegulira. M'zaka za m'ma 1930, B. F. Skinner adapitiriza ndi makoswe: khoswe akadina kachitsulo, kachakudya kankagwa, ndipo kudinako kunkachuluka.

Tanthauzo la reinforcement pa za khalidwe ndi lokhwima kuposa momwe ambiri amaganizira. Chinthu chimatchedwa reinforcement pokhapokha ngati chabwera pambuyo pa khalidwe, khalidwelo n'kuyamba kuchitika kawirikawiri. Cholinga cha wopereka sichiwerengedwa ayi. Taganizirani mwana wa m'kalasi amene akakhala phee palibe womuyang'ana, koma akagogoda desiki mphunzitsi amasiya choko, kumutchula dzina, anzake onse n'kutembenuka. Mphunzitsiyo akuti akudzudzula. Ngati mawa kugogoda kwawonjezeka, ndiye kuti kudzudzulako n'kumene kukudyetsa khalidwelo.

Pali mitundu iwiri, ndipo wachiwiriwu ndi umene umasokoneza ngakhale ophunzira a ku yunivesite. Positive reinforcement ndi pamene munthu walandira chinthu: kuyamikiridwa, malipiro, kumwetuliridwa. Negative reinforcement si chilango, ngakhale dzina lake likumveka choncho. Ndi pamene chinthu chosautsa chachotsedwa. Galimoto zambiri zimalira kosalekeza mpaka mutamanga lamba. Mukamanga, phokoso limatha, ndipo tsiku lotsatira mumamanga msanga. Chilango chimachepetsa khalidwe, pomwe mitundu iwiriyi yonse imalichulukitsa.

Nthawi zina iwiriyi imagwira ntchito limodzi m'chipinda chimodzi. Mwana akufuna foni ya amayi ake, amukaniza, ayamba kulira, kenako kudzigwetsa pansi n'kumaponda miyendo. Amayiwo atopa, pali alendo, amupatsa. Mwana waphunzira kuti kulira kumabweretsa foni. Amayi nawo aphunzira kuti kupereka foni kumathetsa phokoso. Onse awiri aphunzitsana, ndipo palibe amene adakonza zoti zikhale choncho. Sindiona chifukwa chodzudzulira kholo lotere, popeza mpumulo wa nthawi yomweyo umakoka munthu aliyense.

Chomwe chimavutitsa kwambiri ndi kapatsidwe ka mphothoyo. Skinner ndi Charles Ferster adafalitsa mu 1957 zotsatira za kafukufuku wawo wautali, wambiri wochitidwa pa nkhunda, wosonyeza kuti kagawidwe ka mphotho kamasintha kwambiri khalidwe. Chodziwika bwino n'chakuti khalidwe lomwe limalipidwa mwa apo ndi apo, mosadziwika kuti liti, limavuta kutha kuposa lolipidwa nthawi zonse. Makina a juga amadalira zimenezi, ndipo dzanja lomwe limangopita pa foni kukaona ngati pabwera uthenga likutsatira lamulo lomwelo. Choncho kholo lokana, kukananso, kenako n'kugonja mwana atafika polira mokuwa, laphunzitsa mwanayo kulimbikira ndi kukweza mawu. Dziwaninso kuti mukasiyiratu kugonja, masiku oyamba kulira kumakula kusanayambe kuchepa. Ambiri amabwerera m'mbuyo pomwepa poganiza kuti njirayo yakanika, chikhalirecho ndi mmene imayambira kugwira.

Pofuna kumanga khalidwe labwino, nthawi ndi yofunika kuposa kukula kwa mphotho. Mawu ochepa onenedwa pompopompo, otchula chenicheni chomwe wachita, monga "Ndaona kuti wabweza mabuku m'malo mwake osauzidwa," amaposa mphatso yaikulu yobwera patatha mwezi. Poyamba yamikirani nthawi iliyonse, khalidwe likakhazikika muzichepetsa pang'onopang'ono. Osadikiranso kuti munthu achite zonse bwinobwino. Limbitsani sitepe iliyonse yolowera komwe mukufuna, monga amachitira ophunzitsa agalu.

Mphotho ili ndi malire ake. Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett adatenga ana a sukulu ya mkaka omwe ankakonda kale kujambula. Ena adawalonjeza satifiketi akajambula, ena ayi. Patapita masiku, olonjezedwawo ankajambula mwa okha mocheperapo kuposa anzawo. Mwana akamachita kale chinthu mokondwa, malangizo anga ndi akuti musachiikire mtengo.

Mawuwa adafikanso kwa akatswiri a makompyuta. Mu reinforcement learning, pulogalamu siuzidwa yankho. Imayesa, imapatsidwa mapointi ikachita bwino, n'kumasintha mayendedwe ake. Njira imeneyi idathandiza pulogalamu yotchedwa AlphaGo kugonjetsa Lee Sedol, katswiri wa Go (masewera a pa bolodi oseweredwa ndi timiyala takuda ndi toyera), 4 kwa 1 ku Seoul mu 2016. Chaka chomwecho ofufuza a OpenAI, bungwe lofufuza za nzeru zopangidwa pa makompyuta, adafotokoza za pulogalamu yomwe ankaiphunzitsa masewera a mpikisano wa maboti pa kompyuta. Iwo ankafuna kuti imalize mpikisano, koma mapointi ankapezeka pogunda zizindikiro za m'njira. Pulogalamuyo idapeza kagombe komwe zizindikiro zinkatulukanso zikagundidwa, n'kumangozungulira pomwepo, boti likuyaka moto ndi kuwombana ndi ena, ndipo idapeza mapointi ochuluka kuposa anthu omwe ankamaliza mpikisanowo.